Lipoti: Mmene apolisi a ku France anasamukira ku Linux osaonetsedwa chibokosi chozungulira

Lipoti ili ndalembera anzanga amene timadya za kuika ndi kukonza makompyuta m'maofesi, m'masukulu ndi m'mabungwe. Pakati pathu pali mkangano wakale: munthu wozolowera Windows, chimene chingamukokere ku Linux ndi mapulogalamu ena a open source, aja amene aliyense amaloledwa kuwaona m'kati ndi kuwasintha, n'chiyani? Ena amati muonetseni zokongola pa sikirini, aone yekha kuti chaulere si chotsalira. Ena amati mukhazikeni pansi, mumuwerengere ndalama ndi nthawi imene apulumutse. M'malo mokangana m'malere, ndatenga nkhani imodzi imene inachitikadi, ya Gendarmerie nationale ya ku France, chifukwa inachitika m'zaka zomwezo zimene zokongoletsa za Linux zinali pachimake, ndipo ziwerengero zake eni ake anazilengeza poyera.

Zaka za chibokosi

Amene anayamba ntchito posachedwa sanazione izi, choncho ndifotokoze pang'ono. Kumayambiriro kwa 2006 kampani ya Novell inatulutsa Compiz, pulogalamu ya pa Linux imene analemba David Reveman, yoyendera limodzi ndi pulogalamu ina yojambulira pa sikirini yotchedwa Xgl. Nzeru yake inali yakuti zenera lililonse lijambulidwe kaye pambali ngati chithunzi, kenako graphics card ilitenge ndi kuliika pa sikirini mmene ifunira. Zikatero zenera limatha kupindidwa, kuonekera mkati, kuzunguliridwa. Ukalikoka ndi mbewa limagwedera. Ukalitseka limatha kuyaka moto mpaka kutheratu. Mvula imatha kugwa pa sikirini madontho akuoneka. Chotchuka kuposa zonse chinali chibokosi: malo ogwirirapo ntchito anayi amaikidwa m'mbali za bokosi, ukadina Ctrl ndi Alt n'kukoka mbewa bokosi lonse limazungulira, vidiyo ikuseweredwabe pangodya popindika.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho gulu lina linapatuka n'kuyambitsa Beryl, yodzaza zokongoletsa kuposa Compiz, ndipo mu 2007 mbali ziwirizi zinagwirizananso pansi pa dzina la Compiz Fusion. Nthawi yomweyo Microsoft inali kutulutsa Windows Vista, imene inafika m'masitolo mu Januwale 2007 ndi mazenera ake onga galasi otchedwa Aero. Vista inkafuna kompyuta yamphamvu, pamene chibokosi chinkazungulira ngakhale pa makina ofookerapo, bola driver wa graphics card agwirizane nacho. YouTube inali idakali yatsopano, ndipo inadzaza mavidiyo a anyamata akuzunguza mabokosi awo, nyimbo ikulira pambuyo. Mu Okutobala 2007 Ubuntu 7.10, mtundu wotchuka wa Linux, inabwera Compiz itayatsidwa kale pa makina onse okwanitsa.

Kunali chisangalalo chenicheni, ndipo ambiri tinakhulupirira kuti nthawi yakwana. Koma owerengera alendo a pa intaneti anapitiriza kuonetsa Linux ili pafupifupi 1 peresenti ya makompyuta a patebulo, chaka ndi chaka.

Gulu limene tikukamba

Gendarmerie ndi apolisi a mtundu wa usilikali. Ku France ndiwo amayang'anira midzi, matauni ang'onoang'ono ndi misewu ikuluikulu, pamene mizinda ikuluikulu ili m'manja mwa Police nationale. A Gendarmerie ndi anthu pafupifupi 100,000, omwazikana m'mapolisi masauzande, ena ali kutali kwambiri ndi Paris: ku Réunion, ku Guyane, kuzilumba za Polynesia. Wapolisi wa pa siteshoni yakumudzi ntchito yake pa kompyuta ndi kulemba sitetimenti, kufufuza nambala ya galimoto, kutumiza lipoti, kusindikiza pepala loti wodandaula asainire. Sanalembedwe ntchito chifukwa chokonda makompyuta, ndipo ngati makina avuta usiku palibe katswiri pafupi.

Vuto limene akuluakulu a za makompyuta kumeneko ankafuna kuthetsa silinali maonekedwe. Ankafuna kuchepetsa ndalama za malaisensi, kuleka kukakamizidwa kugula zatsopano nthawi iliyonse imene wogulitsa mmodzi wasintha maganizo, ndiponso kutha kusamalira makina onse ali malo amodzi.

Mmene anayendera

Apa ndi pamene pali phunziro lalikulu kwa ife, ndipo ndikhalapo nthawi.

Sanayambe ndi Linux. Anayamba ndi pulogalamu yolembera. Mu 2004 anayamba kuchotsa Microsoft Office n'kuika OpenOffice.org, ndipo mu 2005 anaifalitsa pa makompyuta a gulu lonse, Windows XP ili m'malo mwake. Wapolisi akayatsa makina m'mawa ankaona zonse mmene anazisiyira, kupatula kuti akatsegula chikalata chinkatseguka mu Writer, pulogalamu yolembera ya OpenOffice. Madandaulo a nthawi imeneyo anali a chinthu chimodzi chokha, ndipo othandiza ankadziwa kumene akuchokera. Zikalata za gulu zinasamukira ku mtundu wa OpenDocument, umene mu 2006 unavomerezedwa ndi bungwe la ISO loona za miyezo padziko lonse.

Mu 2006 anachotsa Internet Explorer ndi Outlook, n'kuika Firefox yotsegulira intaneti ndi Thunderbird ya maimelo. Windows idakalipobe. Sitepe iyi inali yolemera kuposa mmene imaonekera, chifukwa inatanthauza kuti mapulogalamu a ntchito ya upolisi ayenera kutseguka m'browser iliyonse yotsata malamulo odziwika a intaneti, osati mu Internet Explorer yokha. Amene anakumanapo ndi mapulogalamu a m'maofesi ofuna ActiveX akudziwa chimene ndikunena: pulogalamu imaoneka ngati tsamba la pa intaneti koma ndi yomangiriridwa ku Windows ndi chingwe chachitsulo. Gulu likadula chingwe chimenecho, operating system ya pansi imasiya kukhala nkhani yaikulu.

Mu Januwale 2008 m'pamene analengeza kuti akusamukira ku Ubuntu. Pofika nthawi imeneyo wapolisi anali atatha zaka ziwiri kapena zitatu akulemba mu OpenOffice, akuwerenga imelo mu Thunderbird, akufufuza mu Firefox. Tsiku limene anapatsidwa makina a Linux anapezamo mapulogalamu atatu omwewo, mabatani ali pamalo omwewo. Chaka choyambacho anasamutsa makompyuta pafupifupi 5,000 okha, ndipo njira yaikulu inali yosavuta: makina akale akatha ntchito, atsopano ankabwera ali ndi Ubuntu yokonzedwera gululo, imene inatchedwa GendBuntu. Inkatsata Ubuntu za mtundu wa LTS, zimene zimatuluka zaka ziwiri zilizonse mu Epulo ndipo zimasamalidwa kwa nthawi yaitali, m'malo mwa zija zotuluka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse zimene ife okonda zatsopano tinkathamangira.

Mu 2013 Major Stéphane Dumond wa gululi ananena kuti makompyuta 37,000 anali atasamuka kale, ndipo ndalama zonse zosamalira kompyuta imodzi zinatsika ndi 40 peresenti. Epulo 2014 Microsoft itasiya kusamalira Windows XP, mabungwe ambiri padziko anali pa liwiro la mtondo wadooka, koma gululi linali litadutsa kale theka la ulendo. Masiku ano makompyuta ake opitirira 100,000 akuyendera GendBuntu, ndipo otsala pa Windows ndi ochepa kwambiri.

Zimene eni ake ananena

Mu 2009 Lieutenant-Colonel Xavier Guimard, mmodzi mwa otsogolera ntchitoyi, anafotokoza kuti kuchoka pa XP kupita ku Vista sikukanawabweretsera phindu lenileni ndipo kukanafuna kuphunzitsa anthu, pamene kuchoka pa XP kupita ku Ubuntu kunali kosavuta. Anati kusiyana kwakukulu kunali pa tizithunzi ta pa sikirini ndi pa magemu, ndipo magemu si amene iwo amaika patsogolo. Taganizirani nthawi imene mawu amenewa ananenedwa. Chibokosi chinali paliponse, magulu a Linux ankaonetsa moto ndi mvula pa misonkhano yawo, koma munthu amene ankasamutsa makompyuta masauzande ankadzitama kuti anthu ake sanaone kusiyana.

Anatchulanso kuti kuyambira 2004 anali atapulumutsa ma euro pafupifupi 50 miliyoni. Chiwerengero chimenechi, ngati cha Dumond chija, ndi cha eni ake ntchito, ndipo aliyense woyendetsa pulojekiti amaiwerengera mokomera. Ine chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi chitsanzo china chimene anapereka: kale munthu ankayenda chaka chathunthu m'zilumba za Polynesia kukangoika pulogalamu yatsopano yoteteza ku mavairasi pa makompyuta a m'mapolisi, pamene atasintha ntchito yonga yomweyo inkatha m'masabata awiri popanda wokwera ndege. Aliyense wa ife amene anakwerapo minibasi ndi fulashi m'thumba kukangodina Next pa makina a ku nthambi ya ofesi akumva kukoma kwa mawu amenewo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachibise. Gendarmerie ndi gulu la usilikali. Mkulu akalamula, wapansi amati inde bwana. Wapolisi sanakopedwe ndi Linux mmene kasitomala amakopedwera m'sitolo, anangopatsidwa. Wina anganene kuti nkhaniyi siyankha funso la chimene chimakopa anthu. Ndikuvomera theka lake. Okopedwa anali osunga thumba la ndalama ndi oyendetsa makina, ndipo anakopedwa ndi phindu. Koma lamulo lokha silisunga dongosolo kwa zaka zopitirira khumi ndi zisanu ngati sitetimenti sizikusindikizika. Anthu olamulidwa nawonso amadziwa kukana mwakachetechete: amabwera ndi laputopu yawo, amalemba pamanja, amadandaula mpaka nduna imve. Zimenezo zikanachuluka, mkulu wotsatira akanabweza zonse.

Munich, kumene zinabwezedwadi

Umboni wakuti zimatheka kubwezedwa uli ku Germany. Mu 2003 khonsolo ya mzinda wa Munich inavomereza kusamukira ku Linux, pamene Windows NT 4 imene ankagwiritsa ntchito inali kutha nthawi. Steve Ballmer, mkulu wa Microsoft nthawi imeneyo, anapita yekha kukaonana ndi meya Christian Ude ndi mitengo yotsitsidwa, koma sizinaphule kanthu. Pulojekitiyo inatchedwa LiMux, ndipo pofika kumapeto kwa 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamuka. Mzindawo unati wapulumutsa ma euro opitirira 10 miliyoni. Analemba ngakhale pulogalamu yawoyawo, WollMux, yosamalira mitu ya makalata ndi mafomu a boma, ndiye kuti ankadziwa bwino pamene ntchito ya kalaliki imagona.

Mu Novembala 2017, pansi pa meya wina, Dieter Reiter, khonsolo inavota kubwerera ku Windows 10. Anthu amatchula zifukwa zosiyanasiyana, ndipo ena sasiya kukumbutsa kuti Microsoft inasamutsira likulu lake la ku Germany mumzindawo mu 2016. Za ndale ndizisiye. Madandaulo a ogwira ntchito amene anamveka anali a zikalata zochokera kumaofesi ena a boma zotseguka mopotoka, a mapulogalamu apadera a madipatimenti amene amayenda pa Windows yokha, moti makina masauzande anatsalabe pa Windows ndipo mzinda unkasamalira madongosolo awiri, ndiponso a kayendetsedwe ka za makompyuta kogawikana m'madipatimenti ambiri, aliyense ndi kachitidwe kake. Sindinamvepo kuti panali kalaliki amene anapempha Windows chifukwa mazenera a LiMux sagwedera.

Kusiyana kwa Munich ndi Gendarmerie ndikukuona pawiri. Apolisi aja zikalata zawo zambiri zimazungulira mkati mwa gulu lawo lomwe, pamene khonsolo ya mzinda imalandira mafayilo kuchokera kwa aliyense: unduna, makontirakitala, nzika. Chachiwiri, apolisi anali ndi likulu limodzi lolamula za makompyuta, lotha kunena kuti pulogalamu iliyonse yatsopano izitseguka m'browser, basi. Dera la Schleswig-Holstein, kumpoto kwa Germany komweko, litaganiza mu 2024 zosamutsa makompyuta 30,000, linasankha kuyamba ndi LibreOffice, imene inaphukira ku OpenOffice, Linux kubwera pambuyo. Ndi ndondomeko yomwe ija ya ku France.

Pa tebulo la sekilitale

Ndiike apa chimene ndinaona ndekha m'zaka za chibokosi zija, pa ofesi ina yaing'ono imene ndinkaisamalira makina. Nthawi imeneyo ma CD a Ubuntu ankabwera ulere pa positi kudzera mu ShipIt, ndondomeko imene kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inayendetsa mpaka 2011, ndipo kwa ife a intaneti yokwawa imeneyo inali njira yokhayo yopezera Linux. Makompyuta a pa ofesipo anali ogwidwa ndi mavairasi a m'mafulashi mwezi ndi mwezi, aja osandutsa mafoda kukhala mafayilo a exe. Bwana anavomera kuti tiyese Ubuntu pa makina a sekilitale.

Nditamaliza kuika ndinawaonetsa mayiwo chibokosi. Anaseka, anawomba m'manja, anaitana mnzawo wa ku akaunti kuti adzaone. Anazunguza okha kangapo. Kenako anakhala pansi n'kunena kuti, "Chabwino achimwene, zokongola ndithu. Tanditsegulireni kalata ya dzulo ija, bwana akufuna asainire isanakwane teni."

Kalatayo inatseguka. Koma inali yolembedwa mu Word 2007 ndi zilembo za Calibri, zimene pa Ubuntu panalibe. Makina anasankha zilembo zina zokulirapo m'mbali, mizere inatalika, ndipo malo osainira anagwera patsamba lachiwiri okhaokha. Pulinta nayo inali ya mtundu uja wotsika mtengo umene ulibe nzeru zake, umadalira driver wa Windows kuti aupangire zonse. Inangokhala duu, kagetsi kobiriwira kakuyaka. Mayiwo sanakwiye. Anangoti, "Ndiye tipange bwanji achimwene, nthawi yatha," natenga fulashi kupita nayo pa makina a mnzawo.

Chibokosi sichinatchulidwenso tsiku limenelo. Mlungu womwewo zenera lina linataya mutu wake, mbali ya pamwamba ija yokhala ndi batani lotsekera, chifukwa Compiz inagwa. Amene analipo nthawi imeneyo akukumbukira mankhwala ake: kutsegula terminal, zenera lolembamo malamulo, n'kulemba metacity --replace. Kwa ine zinali za masekondi ochepa. Kwa sekilitale amene sangathe kutseka kapena kusuntha zenera lake, ndi kompyuta yowonongeka.

Chimene chinawasunga pa Ubuntu, pulinta itasinthidwa ndi ina yomva chilankhulo cha PCL, n'chakuti ankabaya fulashi iliyonse yochokera ku internet café osaopa. Tizilombo tija tinkaoneka poyera ngati mafayilo wamba, autorun.inf ndi anzake, n'kumafufutidwa ndi batani limodzi. Posapita nthawi a ofesi yonse ankadutsitsa mafulashi awo pa makina a mayiwo asanawabaye kwina. Vuto la zilembo nalonso masiku ano lili ndi mankhwala: Carlito ali ndi miyeso yofanana ndi Calibri, Caladea ndi Cambria, ndipo zilembo za Liberation, zimene Red Hat inatulutsa mu 2007, zimalowa m'malo mwa Arial, Times New Roman ndi Courier New. Kuika zimenezi kumatenga mphindi imodzi, ndipo kumapulumutsa mbiri ya Linux pa ofesi kuposa chokongoletsa chilichonse.

Kodi zokongola zinali zopanda pake?

Mnzanga wina akamakamba za Compiz amangoti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Sindigwirizana naye. Mkati munalibe nyerere. Munali luso lenileni, ndipo lambiri tikuligwiritsa ntchito mpaka lero osadziwa. Kujambula zenera lililonse pambali kenako n'kuliphatikiza pa sikirini ndi mmene GNOME ndi KDE Plasma, zimene zimapereka maonekedwe a sikirini pa Linux, ndiponso Wayland yoyendetsa zojambula pansi pake, zimagwirira ntchito masiku ano. Kuonetsa mazenera onse otseguka nthawi imodzi kuti usankhe limene ukufuna, kukulitsa mbali ya sikirini kwa munthu wa maso ofooka, kusintha mitundu kuti zilembo zioneke bwino, zonsezi zinali m'bokosi limodzi ndi moto ndi mvula zija. Zopanda ntchito zinafota zokha, zantchito zinatsala n'kusiya kutchedwa zokongoletsa.

Chinanso, chibokosi chinakopadi anthu, kungoti si amene tinkaganiza. Chinakopa achinyamata a ku sekondale ndi ku koleji amene anaona vidiyo n'kufuna kuti makina awo achite chimodzimodzi. Kuti chizungulire ankayenera kulimbana ndi driver wa NVIDIA kapena ATI, kusintha fayilo ya xorg.conf, kugwetsa sikirini yonse n'kuidzutsanso kuchokera pa mzere wakuda wa malamulo. Pofuna choseweretsa anaphunzira ntchito. Ambiri mwa amene akusamalira maseva lero analowera khomo limenelo, ndipo ndi iwowa amene pambuyo pake amakauza bwana kuti makina akalewa asatayidwe. Ndiye chokongoletsa chimabweretsa mmisiri, ndipo mmisiri ndiye amabweretsa ofesi. Kulakwitsa kunali kuganiza kuti chimene chakopa mmisiri chikopanso wa ku akaunti.

Pali umboni wina wochokera mkati mwa Linux momwemo. KDE 4.0 itatuluka mu Januwale 2008 inali yowala koma yosakhwima, ndipo ambiri anaithawa kwa kanthawi. Mu Epulo 2011 GNOME 3 inabwera ndi kachitidwe katsopano kotheratu, mwezi womwewo Ubuntu 11.04 n'kubwera ndi maonekedwe akeake otchedwa Unity, imene inamangidwa pamwamba pa Compiz. Anthu amene anazolowera menyu ndi kamzere kosonyeza mazenera otseguka anakwiya, ndipo m'mkwiyomo munabadwa MATE, yopitiriza GNOME 2 yakale, ndi Cinnamon ya Linux Mint. Mint inatchuka kwambiri chifukwa chopatsa anthu zimene manja awo ankadziwa kale: batani pansi kumanzere, wotchi pansi kumanja. Ubuntu inadzasiya Unity mu 2017. Ngati ogwiritsa ntchito Linux enieni, anthu osaopa terminal, anathawa zachilendo n'kutsata zozolowereka, nanga kalaliki?

Ndipo pamene chiwerengero cha Linux chinayamba kukwera, mpaka owerengera alendo a pa intaneti a StatCounter kuonetsa chitadutsa 4 peresenti mu 2024, chibokosi chinali chitaiwalika kalekale. Chimene chinasintha n'chakuti ntchito zambiri zinasamukira m'browser, ndiponso kampani ya Valve inatulutsa Proton mu 2018, yoyendetsa magemu a Windows pa Linux, kenako Steam Deck, kachipangizo kosewerera magemu kogwirizira m'manja, mu 2022. Ogula Steam Deck ambiri safuna kudziwa kuti mkati muli Linux. Akufuna gemu yawo iyambe akadina. Ngakhale magemu amene Guimard anati si ofunika kwa apolisi, kwa wosewera ndiwo ntchito yake, ndipo nayenso anabwera tsiku limene ntchito yakeyo inayamba kutheka.

Sindikunena kuti maonekedwe alibe kanthu. Zilembo zosaoneka bwino, tizithunzi tosagwirizana, sikirini yothwanima ukasuntha zenera, zonsezi zimauza munthu kuti wapatsidwa chinthu chosamalizidwa, ndipo akatero vuto lililonse laling'ono amaliwerengera pa Linux. Makina azioneka aukhondo ndi odekha. Pamenepo m'pokwanira.

Zimene ndimachita ndikaitanidwa

Funsoli labweranso mwamphamvu chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Makompyuta ambiri a kaunjika amene adzaza m'maofesi ndi m'masukulu mwathu sakwanitsa zimenezo, chikhalirecho akuyenda bwinobwino. Mabwana akufunsa chochita.

Sindinyamula fulashi ya Linux pa ulendo woyamba. Ndimakhala pambali pa munthu aliyense n'kuona zimene amatsegula kuyambira m'mawa. Sindifunsa kuti mumagwiritsa ntchito mapulogalamu anji, chifukwa yankho limakhala Word ndi Excel basi, kenako kumapeto kwa mwezi m'pamene kumatulukira fayilo ya malipiro yodzaza ma macro, timapulogalamu tating'ono ta m'kati mwa Excel, imene analemba munthu amene anachoka kalekale. Ndimalemba dzina ndi nambala ya pulinta ndi sikana iliyonse n'kuziyesa pa laputopu yanga. Ndimapempha zikalata zenizeni zimene zimachokera kunja, makamaka mafomu a opereka thandizo ndi a boma okhala ndi matebulo olowanalowana, n'kuzitsegula mu LibreOffice pamaso pa mwini wake.

Kenako ndimatsata apolisi aja. LibreOffice, Firefox ndi Thunderbird zimalowa pa Windows yomwe ilipoyo, zilembo za Carlito ndi Liberation zili pomwepo, ndipo anthu amagwira nazo ntchito mpaka atadutsa kutseka kwa mabuku kwa mwezi ndi lipoti la kotala. Madandaulo onse a zikalata amatuluka nthawi imeneyi, ndipo palibe amene anganene kuti ndi Linux yalakwa chifukwa sinafike. Ndimasintha zoti mafayilo azisungidwa ngati docx ndi xlsx kwa amene amatumiza kunja tsiku ndi tsiku, ndipo chikalata chomaliza chizipita ngati PDF. Zikakhazikika m'pamene ndimasintha operating system, kuyambira kwa amene ntchito yake yonse ili m'browser, ndi Linux Mint ya maonekedwe opepuka a Xfce kapena MATE pa makina a RAM yochepa. Zokongoletsa zoyendayenda ndimazizimitsa, chifukwa pa graphics yakale zimachedwetsa zenera kutseguka, ndipo kuchedwa kumeneko munthu amakumva m'dzanja.

Wa ku akaunti amakhala womaliza, ndipo nthawi zambiri sasamuka n'komwe. Ngati pulogalamu yake ya mabuku a ndalama ndi ya Windows yokha ndipo wowerengera mabuku wakunja amafuna fayilo ya pulogalamu yomweyo, kulimbana ndi Wine, pulogalamu yoyendetsa za Windows pa Linux, n'kuika malipiro a anthu pachiswe. Pamenepo ndimauza bwana kuti agule makina amodzi okwanitsa Windows 11 ndi laisensi yake yeniyeni, aikidwe pa tebulo limenelo, ndipo ndalama zimene akanagulira ofesi yonse makina atsopano zipite ku ma SSD ndi RAM ya makompyuta otsalawo.